Msulu ndi Tsindwi la Mfumu Ntchefu

Padangokhala, kalekale nyama zisanayambe kuthawana, kudali mudzi wa Mfumu Ntchefu umene udagawika pakati ndi mtsinje. Tsidya lino kudali mfumu, bwalo la milandu ndi mzamba. Tsidya lija kudali a Njati ndi ena onse amene ankakumbukiridwa pokhapokha pakagwa ntchito yolemetsa.

Mthenga wa mfumuyo adali Msulu, kanyama ka miyendo yaifupi koma pakamwa poterera ngati therere. Msulu sankaopa njoka, sankaopa nduna, koma mtsinje uja ankauopa zedi. Chaka china madzi atadzaza, mkazi wake adamwalira pobereka tsidya lija, mzamba mayi Fulu ataima tsidya lino ndi kathumba kawo ka mankhwala, kusowa powolokera. Khandalo lidapulumuka ndipo adalitcha Chatsalira. Tsopano Chatsalirayo adali atakwatiwa tsidya lomwelo, ali ndi pakati poyamba, ndipo mwezi wake unkabwera limodzi ndi mvula.

Ulalo wakale chiswe chidaudya mpaka udagwa wokha. M'chilimwe aliyense ankangoyenda pamchenga, koma mvula ikagwa kumapiri madzi ankabwera ndi ng'ona zake. Choncho mudzi wonse udagwetsa mibawa iwiri italiitali n'kuikokera m'mbali mwa mtsinje kuti ikhale ulalo watsopano. Mitengo ina yotalika chotero idatsala kumanda kokha, kumene nkhwangwa siilowa. Msulu ankapita kukaizonda mibawayo m'mawa uliwonse ngati ndi mbuzi zake.

Tsiku lina Mfumu Ngoma ya mudzi woyandikana idabwera kudzacheza. Adaikhazika pabwalo, pansi pa kachere, monga mwa masiku onse. Nkhani ili mkati, khwangwala wina wosaleredwa bwino adadzithandiza ali m'mwamba, zinthuzo n'kutera pakati penipeni pa nyanga za mlendo. Mlendoyo adadzipukuta ndi tsamba modekha, nati, "Palibe kanthu, anzanga. Kungoti kwathu milandu timaweruzira pansi pa denga."

Mawu amenewo adaibaya Mfumu Ntchefu ngati munga. Siidali mfumu yankhanza ayi. Idali yofatsa ndi yopatsa, koma manyazi inkawaopa kuposa njala. Ndipo mfumu ikayamba kuusa moyo pagulu, amisiri amamva fungo ali kutali. Sipadapite nthawi, pabwalo padatera Nantchengwa, mbalame ija imamanga chisa choti mungagone banja lonse pamene iyoyo thupi lake n'longa la nkhuku.

"Gogo Chalo," adatero Nantchengwa, "ndikumangirani nyumba ya bwalo yoti a Ngoma akadzaiona adzaiwale njira ya kwawo. Mitengo ndaiona kale. Ili m'mbali mwa mtsinje, ikungogona."

Mfumu idaitanitsa bwalo, ndipo woyenda khomo ndi khomo kuitana adali Msulu yemweyo.

Woyamba kulankhula adali Njiri. "Zikomo Chalo. Chitsime chathu chakumuka, tikumwa matope. Manja amene akamange nyumbawo akadayamba akumba."

Mayi Nkhanga adati, "Nkhokwe ya ana amasiye denga lake lidapita ndi kamvuluvulu. Mvula ikabwera, mapira onse amerera momwemo."

Msulu adaomba m'manja, nagwada. "Gogo Chalo, mibawa ija tinadulira ulalo, ndipo ina kulibe. Ikalowa m'nyumba, a tsidya lija atsekeka mpaka masika, odwala ndi apakati omwe. Nyumba itha kudikira chaka chamawa. Mimba siidikira."

Nduna yaikulu, Nyani, idadzikanda m'khwapa. "Iwe Msulu, ukulankhula ngati mthenga wa mfumu kapena ngati atate ake a Chatsalira? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, zimenezo tikudziwa. Koma usatidzutse mudzi wonse."

Bwalo lidaseka. Mfumu idakweza mutu niti, "Nonse mwanena zoona. Chitsime tidzakumba, nkhokwe tidzafolera, ulalo tidzamanga. Koma tiyambe tachotsa manyazi pamudzi pano." Malonjezo a pabwalo salemera, ndiye mfumu idawasenza onsewo osatuluka ndi thukuta lomwe, bwalo n'kubalalika.

Msulu sadakhale pansi. Adawoloka pamchenga kukapempha akuchimuna kuti Chatsalira adzachirire tsidya lino. Iwo adakana. "Mwana wa pano amabadwira pano, mchombo wake n'kukwiriridwa pano." Adabwerera kukapempha mfumu kuti mayi Fulu akakhaliretu tsidya lija madzi asanabwere. Mfumu idapukusa mutu. "Nawonso amayi kunyumba kwanga ndi otopa, mwezi wawo wayandikira. Mzamba asachoke tsidya lino."

Madzulo ake Msulu adakakhala pa mibawa ija. Tsidya lija Chatsalira adali pamtondo, akuimba monga amachitira amayi akafuna kuti nkhawa yawo imveke popanda kukangana ndi wina. Idali nyimbo yaifupi, yofunsa amene adzawolotse mzamba madzi akadzadzaza, ndipo inkathera poitana atate ake, munsi n'kumavomera. Msulu adamvera mpaka munsi udaleka.

Kutacha adapeza Nantchengwa ataimirira pa mbawa umodzi, akuuza onyamula nkhwangwa podula. Ankafuna kuiduladula mibawayo kuti ikhale nsanamira. Mfumu ndi nduna yake adali pomwepo, akuonerera. Msulu adaona kuti nkhwangwa ikangotera, za ulalo zatha. Kulira kudali kutakanika kale pabwalo, choncho adameza misozi, n'kuvala nkhope ina.

"Imani!" adafuula. "Mitengo yachifumu ngati iyi muisandutse zitsa? Nsanamira zili paliponse, ngakhale a Ngoma ali nazo. Chimene a Ngoma alibe ndi tsindwi la mitanda ya mbawa yathunthu, yochoka uku kukafika uko yosalumikiza."

Makutu a mfumu adaimirira.

Nyani adamuyang'ana cham'mbali. "Si dzulo lomweli unkalira ulalo?"

"Dzulo ndinali wopusa, a nduna. Ndagona, ndaganiza. Mfumu ikanyozeka tanyozeka tonse."

Nantchengwa adakondwa, pakuti palibe mmisiri amene amakana kukulitsa ntchito. "Zikatero ndiimika zipupa, mitandayo tiikweze umodziumodzi ndi zingwe, ine ndiluke tsindwi ndili pamwamba, monga ndimachitira kwathu."

Msulu adaona kuti nzeru imeneyo ikadatheka, ndipo mibawa ikadakwera osatsikanso. Adafunsa mwaulemu, "Pepani amisiri, chomanga muli pamwamba, kamtengo kamodzikamodzi, kwanuko mumachitcha chiyani?"

"Chisa."

"Mwamva, Gogo Chalo? A Ngoma adzati mfumu ya kuno imaweruzira milandu m'chisa. Ife kuno tsindwi timamangira pansi, likatha mudzi wonse n'kulisenza ndi nyimbo, kukalikhazika pazipupa. Makolo athu ankatero. Kapena mwambowo unatha ine ndili paulendo?"

"Limangidwe pansi," idatero mfumu.

Nantchengwa sadatsutse. Chibadwire adali asanasenzepo tsindwi, ndipo kulemera kwa mbawa wauwisi ankangokumva kwa anthu.

Kuyambira tsiku limenelo Msulu adasanduka kapitawo wa ntchitoyo. Mmisiri akati phaso lakwana, iye ankati awonjezere, mfumu yathu si yosauka. Akati udzu adzafolera tsindwi litakwera, iye ankati afoleretu pansi pomwepo, ndipo ukhale wochindikala kuti ngakhale khwangwala wa mtundu wanji asadzauboole. Chitsime chidakhala chokumuka. Nkhokwe ya amasiye idakhala yoyasama. Tsindwi lokha ndilo linkanenepa.

Mbiri idawoloka mtsinje. A tsidya lija adati Msulu wawagulitsa kuti apeze mpando m'nyumba yatsopano. Mkamwini wake, amene kale ankagwada akamuona patali, tsopano ankapatuka njira osati chifukwa cha ulemu. Msulu sakadauza aliyense cholinga chake, poti chinsinsi cha awiri m'mudzi ngati umenewo chimafika kwa Nyani dzuwa lisanalowe.

Atapitanso kumtsinje madzulo ena, adaimva nyimbo ija. Mayimbidwe adali omwewo, funso lake lomwelo la mzamba ndi madzi, koma kumapeto sinkaitananso atate. Inkafunsa ngati bambo amene wapeza mthunzi kwa mfumu amakumbukira njira ya kwa mwana wake. Munsi unkagwa mwapatalipatali, poti woimbayo adali atalemedwa. Msulu adalira yekha, osatulutsa mawu. Zidamupweteka kuposa kusekedwa pabwalo kuja.

Tsindwi litatha, mfumu idalamula kuti likwere. A tsidya lino onse adalizungulira, aliyense n'kulowetsa mutu kapena phewa. Wotsogolera nyimbo adali Msulu, pakuti pokweza tsindwi onse amanyamula pamodzi woimba akafika pa mfuu. Adaimba, adafuula, onse adakankha. Tsindwi silidagwedezeke n'komwe. Mbawala adatuluka khosi litapindika, Gwape akuti waona nyenyezi masana.

"Mutu umodzi susenza denga," adatero Nyani. "Gogo Chalo, tumani mthenga akaitane a Njati ndi abale awo. Mtsinje udakali wouma, afika tisanapume n'komwe."

Apa Msulu adaona kuti zavuta. A Njati akadabwera tsiku limenelo, tsindwi likadakwera ndi mibawa yake.

"Ndipita, Gogo Chalo," adatero, akunyamula ndodo yake ya uthenga. Adayenda pang'ono, n'kutembenuka. "Kungoti ndiwauze kuti nyumbayi idzatchedwa ya yani? Paja a Njati mumawadziwa. Pa mowa uliwonse adzaimba kuti mfumu inamanga koma inalephera kukweza, mpaka anabwera amuna. Nyimboyo idzafika kwa a Ngoma."

Mfumu idatsokomola. "Bwerera. Tiyesanso tokha."

"Komanso talakwitsa mwambo," adawonjeza Msulu. "Tsindwi silikwera pakhosi pouma. Amayi aviike chimera, mowa ukapsa tiyesenso."

Palibe adatsutsa zimenezo, ngakhale Nyani. Chimera sichimera tsiku limodzi ndipo mowa sufulumizidwa, choncho Msulu adapeza masiku. Koma masikuwo adali owawa. Iye amene ankadana ndi madzi a mtsinje uja tsopano ankadzuka kuyang'ana kumapiri, kuwapempha kuti abwere. Madzi akachedwa, tsindwi likwera ndi mibawa. Madzi akabwera, Chatsalira atsekeka tsidya lija mpaka mibawayo itatuluka m'tsindwi. Kulikonse kumene ankayang'ana kudali koopsa, ndipo chakudya chidaleka kulowa.

Mowa udapsa mtsinje udakali wouma. Adamwa, mphamvu zidabwera, ndipo ulendo uno adabwera ndi mitengo ya mphanda yochirikizira. Msulu adayambitsa nyimbo. Pa mfuu yoyamba tsindwi lidalira. Pa yotsatira lidanyamuka, kufika m'maondo, kenaka m'chiuno. Mfumu idayamba kuvina. Msulu adaona kuti mfuu ina imodzi ilifikitsa pazipupa. Adatsegula pakamwa, onse atakonzeka, ndipo m'malo mwa mfuu adatulutsa chifuwa. Adatsokomola mpaka kugubuduka pansi. Ena adakankha, ena adadikira, tsindwi lidapendekeka n'kugwa, fumbi kuti kobo! Njiri ndiye adatsala pansi pake atagwada, ndipo mukamuona lero akudya chogwada, dziwani kuti maondowo sadawongokenso.

"Fumbi landilowa pakhosi," adatero Msulu.

"Fumbi lanzeru," adayankha Nyani. "Limadziwa nthawi yolowera." Kenaka adatembenukira kwa mfumu. "Gogo Chalo, mawa nyimbo nditsogolera ine, ndipo a Njati ndikawaitana ndekha, aimbe asaimbe."

Mfumu idavomera. Msulu adapita kwawo nzeru zitamuthera.

Koma m'mawa mwake Nyani atafika pamtsinje adabwerera yekha. Mvula idali itagwa kumapiri, madzi atadzaza mpaka m'khosi, ndipo ng'ona zidali zitafika kale. Posakhalitsa mvulayo idafikanso pamudzi.

Msulu adathamangira kugombe. Tsidya lija, pansi pa khonde, Chatsalira adali pamtondo. Nyimbo ija inkamveka modukaduka chifukwa cha mkokomo wa madzi, ndipo idali itatsala funso lokha la mzamba, lobwerezabwereza. Kenaka idadukira pakati. Munsi udagwa pansi. Amayi awiri adamugwira m'mapewa n'kumulowetsa m'nyumba. Mkamwini uja adathamangira kumadzi, ulemu ndi mkwiyo womwe ataiwala.

"Apongozi! Nthawi yakwana! Mzamba!"

Msulu adadzera kwa mayi Fulu, nawanong'oneza mawu pang'ono, kenaka adathamangira kwa mfumu. Atayandikira adaima, adapuma, n'kulowa choyenda ngati wopanda nkhawa. Adapeza mfumu, nduna ndi mmisiri akuyang'ana tsindwi likumwa mvula.

"Gogo Chalo, udzu ukanyowera pansi umaola. Mwezi uno usanathe pamera bowa. A Ngoma adzapeza zipupa zili chilili, tsindwi lili chigonere. Itanani a Njati lero lomwe."

"Suja unati adzatiimba pamowa?" idafunsa mfumu.

"Bola kuimbidwa ndi ako kusiyana ndi kusekedwa ndi mlendo."

"Awoloka bwanji?" adafunsa Nyani. "Ng'ona ukazipempha iwe?"

Msulu adadzikanda m'mutu, kuyang'ana pansi, kuyang'ana tsindwi, ngati nzeruyo ikumufikira kumene. "Bwanji tibwereke mitanda iwiriyo, lero lokha? Tiisolole, tiigoneke pamtsinje, a Njati awoloke. Akawoloka tiikoke, tiibwezere m'tsindwi, alikweze."

"Nanga kwawo adzabwerera bwanji?"

"Zimenezo n'zamawa, a nduna. Adzagona m'nyumba yatsopanoyo, aione kukoma."

Nyani adatsegula pakamwa, koma mfumu idali itamva kale mawu akuti alikweze. "Sololani!"

Kumasula luzi lonyowa si ntchito yamasewera, ndipo Nantchengwa adali atamanga mfundo zake ndi mtima wonse. Msulu ankaluma mfundozo ndi mano mpaka m'kamwa mudatuluka magazi, ena n'kumati taonani kapitawo kukonda kwake nyumba ya mfumu. Mibawa itatuluka adaikokera kumtsinje m'matope. Nantchengwa adauluka ndi nsonga ya chingwe kukapatsa a Njati, iwo n'kukoka kuchokera tsidya lija. Mbawa woyamba udagona bwino. Wachiwiri udaterereka, madzi n'kuugwira kumutu, ndipo Msulu adatseka maso. Atawatsegula adaona Njati wamkulu ataukola ndi nyanga, akuukweza pagombe. Kenaka onse adayala phaso la tsindwi lomwe lija pamwamba n'kumanga. Nthawi yonseyo mayi wina tsidya lija ankatuluka m'nyumba muja, kuyang'ana kumtsinje, n'kulowanso.

Ulalo utatha, Njati adakweza mwendo kuti aponde.

"Imani!" adafuula Msulu. "Gogo Chalo, ulalo wosayesa suyamba ndi wolemera. Ukathyoka ndi a Njati, tsindwi alikweza ndani? Ayambe wopepuka, wodekha, woyenda mimba ili pafupi ndi mtengo, woti ukalira aumve."

Onse adayang'anayang'ana, ndipo pafupi pomwepo padali mayi Fulu, ngati angodutsa. Kathumba kawo kadali kobisika m'chigoba.

"Ndiyese ine," adatero mayiwo. "Ng'ona ikandigwira ithyoka mano."

"Mukafike kumapeto n'kubwerera," idatero mfumu.

Mayi Fulu adakwera. Inu mumadziwa mayendedwe a fulu. Ankakweza mwendo, kuuyang'ana, kuutsitsa, n'kupuma. Madzi ankanyambita mibawa, thovu n'kumawafika m'maso. Pakati pa ulalo adaima kuti apukute nkhope, ndipo Msulu adadziluma mchira kuti asakuwe. Ankafuna kuthamanga kukawakankha, kukawasenza, kukawagubuduza ngati dzungu, koma Nyani adali pambali pake, akumuyang'ana iye osati ulalo. Tsidya lija mayi uja adatulukanso, ulendo uno manja ali kumutu.

Potsiriza mayi Fulu adaponda dothi la tsidya lija. Sadatembenuke. Mkazi wa Njati adagwada, mzamba adakwera pamsana, ndipo awiriwo adalunjika kunyumba ija liwiro la mtondo wadooka.

"Ndinanena ine!" adakuwa Nyani. "Chifuwa chija! Mowa uja! Gogo Chalo, kanyama aka katiseweretsa chiyambire!"

Mfumu idapsa mtima monga amapsera ofatsa, mwadzidzidzi ndi monjenjemera. "Kokani mibawa yanga! Ibwerere m'tsindwi tsopano lino!"

Msulu adagwada m'matope. "Kokani, Gogo Chalo, mitengo ndi yanu. Koma mzamba ali tsidya lija, ndipo amayi kunyumba kwanu ndi otopa."

Amene adagwira chingwe adachisiya pang'onopang'ono. Mfumu idayang'ana kunyumba kwake, idayang'ana madziwo, idayang'ananso kunyumba kwake.

"Wandimanga ndi luzi langa lomwe," idatero.

"Ndakumangani, Gogo Chalo. Ndinapempha pabwalo, munandiseka. Mwana wanga ndi mmodzi yekha."

Mvula inkatsika m'nyanga za mfumu. "Mibawa ikhale pomwepo," idatero. "Phaso lotsala mukafolerere nkhokwe ya amasiye isanaole. Koma mthenga wonama ine sindimufuna. Siya ndodoyo pansi, ndipo usadzapondenso pabwalo langa."

Ndodo imeneyo Msulu adaigwira kuyambira unyamata wake, ndipo kuisiya kudamuwawa. Adaiika pamapazi a mfumu ndi manja awiri, adaomba m'manja, n'kuthamanga paulalo osacheuka. Kumbuyo kwake Nantchengwa adali atayamba kale kuuza aliyense kuti mfundo za ulalowo ndi luso la kwawo.

Amuna sayandikira nyumba imene mayi akuchiriramo. Msulu adapeza mkamwini wake atakhala pansi pa nkhokwe, mutu uli pakati pa maondo. Mnyamatayo adasuntha, kumusiyira pouma. Adakhala awiriwo. M'nyumba muja munkamveka mawu a mayi Fulu, otsika, olamula, kenaka kubuula, kenaka chete. Chetecho chidatalika mpaka Msulu adayamba kuwerenga zolakwa zake: mwina adachedwetsa ndi mowa uja, mwina akadaba mzamba kalekale n'kulola kuthamangitsidwa, mwina nzeru zonsezi zangomupezera malo abwino olirira.

Kenaka kudamveka kulira kwa khanda, nthungululu n'kutsatira. Mkamwini adalumpha. Msulu sadasunthe. Maso ake adali pachitseko.

Chitseko chidatseguka, ndipo mayi Fulu adatuluka ndi mayendedwe awo omwe aja, mwendo umodzi, kupuma, mwendo wina. Msulu adawadikira mpaka adafika.

"Mwana ndi wamwamuna," adatero.

"Sindikufunsa mwana, mayi."

Mayi Fulu adamuyang'ana, nkhope yosaonetsa kanthu. "Mayi wake akufuna phala. Ndipo akuti amene wakhala pansi pa nkhokweyo, ngati ndi kapitawo wa nyumba ya mfumu abwerere kwawo, koma ngati ndi atate ake akatole nkhuni, m'nyumba mukuzizira."

Msulu adaseka, misozi ikutsika, mkamwini n'kuyang'ana kumbali monga mwa ulemu. Kenaka adadzuka, nalowa m'mvula kukafuna nkhuni zouma.

Yanga ndaphula pamenepa. Wofuna yotsala akafukule yekha m'phulusa.